Kukonza usiku wa nkhani pamudzi ndi kuutulutsa pa podcast: mmene timachitira kuno ku Angónia

Ulendo woyamba umene tinasonkhanitsa anthu kuti akambe nkhani zawo usiku, m'mudzi wina kufupi ndi tauni ya Ulongué, kuno ku Angónia m'dziko la Mozambique, tinabwerako ndi maola awiri a phokoso la jenereta. Foni tinaiika patebulo pamene panali makapu a tiyi, ndiye munthu akatsitsa kapu zinkamveka ngati wagwetsa nkhwangwa. Bambo wina amene tinamupempha kuti akambe za ulendo wake wa ku Joni anasandutsa bwalo kukhala tchalitchi. Analalikira mphindi 40, ana nkugona, amayi nkuyamba kuzemba mmodzimmodzi. Koma kutacha, pamsika anthu ankatiimitsa: "Nanga mudzachitanso liti?" Zimene ndalemba panozi ndi zomwe taphunzira kuchokera tsiku limenelo, zambiri mwa izo titapsa nazo zala.

Kukamba nkhani usiku sikunabwere ndi sitima. Tonse tinakulira pa "Padangokhala" ndi "Tili tonse", mbatata ili m'phulusa. Kusiyana kwake nkwakuti pabwalo ili wokamba sanena za kalulu ndi fisi. Amanena zimene zinamuonekera iye mwini, zoona, osawerenga papepala, m'mphindi zowerengeka. Ku New York kuli gulu lotchedwa The Moth limene linayamba misonkhano yotere mu 1997, ndipo kuyambira 2008 limatulutsa nkhanizo pa podcast, kutanthauza pulogalamu yamawu imene munthu amaimvera pafoni nthawi imene iye wafuna, osadikira ola la wailesi. Kwa iwo tinabwerekako chinthu chimodzi chokha, kusunga nthawi: pamipikisano yawo wokamba amapatsidwa mphindi zisanu. Zina zonsezo tinali nazo kale kwathu konkuno.

Musanawerenge zotsatirazi gwirani ichi: usikuwo ndi wa anthu amene akhala pamphasa, ndipo nkhani ndi ya mwini wake. Foni yojambulira ndi mlendo pamenepo. Mukaipatsa mpando wa mwini nyumba, anthu amayamba kulankhula ngati ali pawailesi, ndipo nkhani zimauma.

Gawo loyamba: kaonekereni kwa eni mudzi

Pitani nokha kwa amfumu kapena anyakwawa, musatume uthenga wa pafoni. Ngati muli m'tauni, secretário wa bairro, mkulu woyang'anira dera lanu, naye amve kuchokera pakamwa panu, asamvere kwa ena. Mukhale pansi, mulonjerane, kenako nenani mosazungulira: "Amfumu, tabwera kudzapempha bwalo. Tikufuna anthu adzacheze Loweruka madzulo, akulu akambire ana zimene anaona ndi maso awo. Si msonkhano wa chipani, si wa mpingo, ndipo palibe thandizo lidzagawidwe."

Mawu omalizawo musawaiwale. Kwathu kuno anthu akaona achinyamata ali ndi kope ndi foni, maganizo amathamangira ku kalembera wa mbewu kapena feteleza. Akabwera ndi chiyembekezo chimenecho nkubwerera chimanjamanja, ulendo wachiwiri mudzakhala nokha ndi mabenchi. Auzeninso amfumu kuti padzakhala kujambula mawu, ndi kuti palibe mawu adzatuluke m'mudzi mwini wake asanalole.

Chaka cha zisankho, zimene kuno zimachitika mu Okutobala, dikirani kampeni idutse. Nthawi imeneyo ngakhale nkhani ya mbuzi yotayika wina amaimva ngati ndale. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro, palibe chokambirana, tsiku limasintha.

Gawo lachiwiri: nyengo, mwezi ndi malo

Kumapiri kuno, ku Angónia ndi ku Tsangano, Juni ndi Julayi ndi miyezi yoti dzuwa likangolowa aliyense amafuna bulangete. Anthu amakhala atakolola, ali ndi mpata, koma chisanu chimawathamangitsa isanakwane 8 koloko pokhapokha mutasonkha moto waukulu, ndipo moto waukulu umathetheka m'maikolofoni. Ife timakonda kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala: kwafunda, mvula sinayambe, ntchito ya kumunda sinapanikize. Mukafika Novembala mitima ya anthu ili pa mbewu.

Yang'anani mwezi kumwamba. Usiku wa mwezi wowala amayi amabwera ndi ana chifukwa sada nkhawa ndi njira yobwerera, ndipo simufunika nyali zambiri. Funsaninso ngati midzi yoyandikana nayo ili ndi gule kapena mowa wa chiliza sabata imeneyo. Ng'oma ikayamba kutsidya kwa dambo mwaluza kawiri: anthu apita, ndipo otsalawo mawu awo amizidwa. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu ambiri Achewa a m'chigawo chino amakhala pa ulendo wa ku Kulamba, ku Mkaika ku Katete m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Ngati mukufuna amfumu adzakhalepo, sabata imeneyo ipeweni.

Malo ndi amene amapha kapena kupulumutsa mawu, kuposa mtengo wa foni. Kalasi ya simenti yofolera malata imabweza mawu, munthu amamveka ngati akulankhulira m'mgolo. Kuti muyese, lowani m'chipindamo muombe m'manja kamodzi. Mukamva kulira kukutsalira m'mwamba, fufuzani pena. Chisakasa chofolera udzu ndiye mfumu ya malo onse, chifukwa udzu umamwa mawu obwerera. Panja napo pamakoma, makamaka wokamba akatsamira khoma la nyumba kapena mpanda umene ukutchinga mphepo. Talikirani msewu waukulu, monga uja wopita ku Calómuè umene malole sagona, talikirani chigayo, ndipo talikirani baraka iliyonse, kaokala kogulitsira zakumwa, yokhala ndi sipika. Pitani pamalopo pa ola lomwelo tsiku lina musanasankhe. Masana pamakhala zii pamalo pamene usiku pamasonkhana njinga zamoto.

Gawo lachitatu: mutu wa usikuwo ndi anthu okamba

Musaitane anthu kuti "adzakambe mbiri". Mawu amenewo amaopseza, ndipo amene amawalandira ndi okhawo ozolowera kuima kutsogolo: aphunzitsi, akulu a mpingo, a makomiti. Sankhani mutu waung'ono umene aliyense ali nawo m'thumba. "Tsiku limene ndinawoloka malire" sunatigwiritsepo mwala, poti kuno palibe banja limene silinapondeko Dedza, Lizulu kapena Biriwiri, ena kukagulitsa mbatatesi, ena kuchipatala, ena kukakwatira, ena kuthawa. Ina yomwe inayenda bwino ndi "ndalama yanga yoyamba", "ndinasochera", "chaka chimene fodya anandigwetsa", ndi "zimene bambo anabwera nazo ku Halale".

Okamba asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana. Musawapeze polengeza kutchalitchi, apezeni pofunsa: "Kodi pamaliro, usiku wa kuchezera, amene amaseketsa anthu kumoto kuja ndani?" Funsani amayi kumjigo, funsani anyamata a kabaza pasiteji. Mayina amene atuluke kawiri katatu ndiwo anthu anu. Onetsetsani kuti amayi alipo osachepera awiri, apo ayi bwalo lonse lidzakhala la abambo okamba za ku migodi. Mayi mmodzi yekha pakati pa abambo asanu kawirikawiri amabwerera m'mbuyo tsiku likafika.

Kenako muwayendere mmodzimmodzi kunyumba. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha.

Agogo ena amene anthu atatu ananditchulira ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Nditafotokoza chimene ndabwerera anapukusa mutu. "Ine ndilibe nkhani, mwanangu. Pitani kwa aphunzitsi, ndiwo anawerenga." Sindinakakamize. Ndinakhala pansi nkuyamba kuchotsa nawo timiyala. Patapita nthawi ndinafunsa kuti, "Agogo, tsiku limene munathawira ku Malawi munanyamula chiyani?" Anasiya lichero, nkuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mphika. Koma sunali wanga."

Munali mu 1986, nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Mfuti zinalira chakumadzulo, nyemba zawo zili pamoto. Mafuwa awo anayandikana ndi a mnzawo woyandikana naye nyumba, ndiye mumdima ndi m'chipwirikiti anaphula mphika ndi chitenje, mwana kumbuyo, liwiro. Anawoloka msewu wa tala uja umene m'malo ena ndiwo malire enieniwo, nkugona m'munda wa munthu. Kutacha avundukule, apeza nkhwani. Mnzawo uja anathawira njira ina ndipo sanaonanenso. Mphikawo anausunga zaka zisanu ndi ziwiri kudera la Dedza, osaphikiramo, ndipo pobwerera mu 1993 anausenzanso. Mwini wake sanabwerere. Anaupereka kwa mwana wake wamkazi.

Ndikanafunsa za nkhondo akanandiuza zimene aliyense amanena, kuti kunali mavuto, anthu anafa, Mulungu anatisunga. Funsani za chinthu chogwirika: munavala chiyani, munadya chiyani tsiku limenelo, ndani analankhula koyamba, anati bwanji. Nkhani imabisala m'zinthu zoterozo.

Mukaipeza, muthandizeni wokambayo zinthu ziwiri zokha: mawu oyambira ndi pothera. Pakati adziwa yekha. Asaloweze pamtima, chifukwa woloweza akaiwala liwu limodzi amaima ngati njinga yodula tcheni. Mumvereni kamodzi muli ndi wotchi. Ife timapereka mphindi zisanu ndi ziwiri, podziwa kuti malonje okha amadya imodzi. Vuto lathu lalikulu Achewa ndi pothera: nkhani ikatha timafuna kuwonjezera "choncho abale anga, tiphunzirepo kuti…" nkuyamba ulaliki. Muuzeni mwaulemu kuti, "Agogo, mukangopereka mphika uja, mukhale pansi. Anthu amva kale."

Pali zinthu zimene sizikwera pabwalo ili, ndipo muzinene poyera pa ulendo womwewu. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pambuyo pake panabwera lamulo lokhululukira zimene zinachitika pankhondo. Anthu amene anali mbali zosiyana lero amatunga pamjigo umodzi, ana awo anakwatirana. Munthu akambe zimene zinamugwera, koma asatchule dzina la wina amene anachita choipa, kaya ali moyo kaya anamwalira, poti adzukulu ake akhala pamphasa pomwepo. "Anthu a mfuti" akwanira. Kuloza munthu ufiti, ngakhale mwanthabwala, ayi. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake ndi malo ake. Zoti UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 sizinatsegule dambwe kuti aliyense alowemo ndi foni.

Gawo lachinayi: zipangizo

Simufunika zambiri. Foni ziwiri, kamaikolofoni kawaya kopanira pakolala, mahedifoni, pawabanki yodzaza, ndi nyali ya sola. Mukasowa kamaikolofoni, mangirirani foni kumtengo woimika pansi kuti ikhale chakukamwa kwa wokamba, motalikira chikhatho chimodzi, chakumbali pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usaombe molunjika. Patebulo ayi, ndanena kale chifukwa chake. Ikakhala mphepo, ivekeni sokosi yoyera kapena kachidutswa ka siponji.

Kamaikolofoni kapanidwe pachifuwa, chikhatho chimodzi kuchokera kuchibwano. Onani kuti sikakukhudzana ndi mikanda, korona kapena m'mphepete mwa chitenje chofunda, poti kukhulana kwa nsalu sikuchotseka ngakhale pa kompyuta. Ngati wokamba ndi mayi, womupanira akhale mayi mnzake. Zimenezi tinachita kuuzidwa ndi amayi ena okalamba, ndipo ananena zoona.

Foni yojambulira muiike pa modo avião, kachizindikiro ka ndege kaja. Mukaiwala, mlamu wanu adzaimba pakati penipeni pa nkhani ndipo kujambula kudzaduka. Onaninso malo otsala m'foni. Mukajambula mwa WAV, amene sataya ubwino wa mawu, mphindi imodzi ya mono, kutanthauza mawu ojambulidwa panjira imodzi yokha, imadya pafupifupi 5 MB, ndiye maola awiri ndi 600 MB ndi kupitirirako pang'ono. Yambani fayilo yatsopano pa wokamba aliyense, kuti imodzi ikawonongeka isapite ndi zonse. Munthu mmodzi akhale ndi mahedifoni kumakutu usiku wonse, ntchito yake ikhale yomweyo basi. Pulogalamu yojambulira ikamaonetsa kamzere kokwera ndi kutsika, kasamafike pofiira. Mawu otsika amakwezeka pambuyo, koma mawu ong'ambika sasokeka.

Foni yachiwiri iyang'ane kwa anthu, chapatali pang'ono. Imagwira kuseka, "eee", "ogo!", ndi kuusa moyo kwa bwalo lonse, zimene zimachititsa womvera ali ku Beira kumva ngati wakhala nawo pamphasa. Ndiyonso chipulumutso chanu yoyamba ikazima.

Za sipika: anthu akakhala ochepa moti wakumbuyo akumva bwino, isiyeni. Sipika imasintha munthu, amayamba "mamvekedwe, mamvekedwe" ndi mawu a pamsonkhano. Ikafunikadi, ikhale ya batire, iikidwe kutsogolo kwa wokamba itafulatira maikolofoni kuti isalire. Jenereta ndinalumbira kuti sindidzaibwerekanso.

Gawo lachisanu: usiku weniweniwo

Yambani dzuwa litangolowa, anthu atadya nsima. Woyendetsa mwambo akhale munthu wodziwa kufupikitsa, osati wofuna kuti anthu adziwe kuti iyenso ali ndi nkhani. Apereke ulemu kwa amfumu, kenako anene malamulo atatu: loyamba, tikujambula ndi foni ziwiri izi zokha, wina aliyense foni m'thumba; lachiwiri, palibe chituluke mwini wake asanamve ndi kulola; lachitatu, kuseka, kuvomera ndi kudabwa nkololedwa, koma kudula munthu pakamwa kuti "sizinali choncho" ayi. Lamulo loyambalo likhwimitseni. Mnyamata mmodzi akajambula mobisa nkuponya pa Facebook usiku womwewo, malonjezo anu onse asanduka bodza.

Tsegulani ndi ndagi ziwiri zitatu kapena kanthano kakafupi ka ana. Bwalo likayankha "Tili tonse" kangapo, manyazi amasungunuka, ndipo ana amakhazikika poona kuti nawonso awerengedwa. Woyamba kukamba akhale wolimba mtima ndi woseketsa. Nkhani yolemera, yonga ya mphika ija, ikhale pakati. Yomaliza ikhale yopepuka kuti anthu asapite kukagona ndi mtima wothina.

Kusunga nthawi nkovuta pamene wokamba ali wamkulu, poti mwana sadula agogo pakamwa. Belu musayese, ndi chipongwe. Ife timagwirizana nawo kale kuti mphindi imodzi ikatsala, mtsikana wokhala kutsogolo adzakweza nyali pang'ono. Zikakanika, woyendetsa amasendera pafupi, nkunjuta, nkudikira pamene apumira mpweya: "Zikomo bambo, inayo mutisungire mwezi wamawa." Anthu amaomba m'manja ndipo palibe wachita manyazi.

Wokamba akagwidwa ndi misozi, musathamangire kuyambitsa nyimbo. Dikirani. Mnzake akhale pafupi ndi kapu ya madzi. Nthawi zambiri amapitiriza yekha, ndipo akalephera mumuthokoze, muzimitse foni anthu akuona. Woledzera amene akufuna naye akambe, mupatseni munthu wamsinkhu wake amutengere pambali. Thobwa kapena mbatata yootcha zibwere pomaliza, osati pakati. Ikamakwana 9 koloko mukhale mutatseka, ndipo pakhale anyamata operekeza okalamba.

Anthu asanabalalike, pemphani bwalo likhale chete theka la mphindi foni ikujambula. Kachetechete ameneyo, wokhala ndi nkhululu ndi mphepo ya pamalopo, mudzamufuna polumikiza zidutswa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: bwererani kwa mwini nkhani

Chilolezo chimene munthu anapereka asanakambe sichikwanira, chifukwa pamenepo sankadziwa chimene chidzatuluke pakamwa pake. Moto wa bwalo umatulutsa zambiri. Papite tsiku limodzi kapena awiri, kenako mupite kwake ndi mahedifoni, amve yekha kuyambira poyamba mpaka pothera.

Mayi wina anakamba bwino kwambiri za mmene analimira fodya yekha chaka chimene amuna awo anali kudwala, anthu anaseka, ena analira. Mkati mwake anatchulamo mlamu wake amene anatenga ndalama za belo limodzi. Pabwalo zinadutsa ngati nthabwala. Atamva pamahedifoni, anavula mbali imodzi nkundiyang'ana. "Achimwene, izi zikafika ku Joni?" Ndinati inde, zikhoza kufika kulikonse. "Ndiye ana a alamu anga ali komweko. Chotsani." Ndinafunsa ngati tingodula pamene pali mlamupo. Anaganiza, nkuti ayi, yonse. Mtima unandiwawa chifukwa inali nkhani yokoma kuposa zonse za usiku umenewo. Ndinafufuta iwo akuona, m'foni zonse ziwiri.

Mpatseni munthu njira zitatu: isatuluke konse, izungulire m'mudzi mokha pa memori kadi, kapena ipite pa intaneti. Mufotokozereni mosabisa kuti njira yachiwiriyo ilibe mpanda, chifukwa fayilo ikalowa m'foni ya wina imayenda yokha, ndipo kuti pa intaneti mlandu suwola: mukhoza kuchotsa patsamba lanu, koma amene anasunga kale simungamulande. Asankhenso dzina lomutchulira. Ambiri amakonda mfunda wokha, monga Naphiri kapena Nabanda, popanda dzina la mudzi. Chilolezocho chijambuleni ndi mawu ake, atchule tsiku ndi chimene walola, poti si onse amene amasaina papepala momasuka. Wosakwana zaka 18, makolo ake avomere kaye. Izi si ulemu wokha: ndime 41 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique imateteza ulemu wa munthu, mbiri yake yabwino ndi zinsinsi za moyo wake, ndipo zimenezo zikukhudza wokambayo pamodzi ndi aliyense amene watchulidwa.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kukonza mawu

Choyamba koperani mafayilo onse kumalo awiri osiyana, ndipo apachiyambiwo musawakhudze. Atchuleni ndi tsiku, mutu ndi nambala ya wokamba. Mukasiya dzina lopatsidwa ndi foni, monga "Gravação 47", pakatha miyezi itatu simudzadziwa kuti ndi ndani.

Pa kompyuta, pulogalamu yokonzera mawu yotchedwa Audacity ndi yaulere ndipo imachita zonse zofunika. Pafoni palinso mapulogalamu odulira mawu, kungoti zala zimatopa. Dulani kukoka mabenchi, kuyesa maikolofoni, mwana amene analira mphindi yathunthu, ndi dzina lililonse limene mwagwirizana kuti lichoke. Pamene mwadulapo ikani kachidutswa ka chete uja kuti pasamveke kudumpha. Koma musadule kupuma kwa wokamba. Pamene agogo aja anakhala chete asananene kuti "mwini wake sanabwerere", mnzanga wina anafuna kuchotsapo masekondi asanu kuti tisunge ma megas a intaneti. Tinakangana, ndipo ndikuthokoza kuti ndinapambana. Musakonzenso chilankhulo. Wina akati anafika "dezasseis horas", wina akasakaniza Chinyungwe chimene anatola ku Tete kapena ku Moatize, ndi mmene timalankhulira, zisiyeni.

Poyambira lankhulani mawu ochepa: dzina la pulogalamu, mutu, dera, ndi wokamba monga anafunira kutchulidwa. Nyimbo za oimba otchuka musaikemo. Zili ndi eni ake, ndipo masamba a pa intaneti amatha kutsitsa pulogalamu yonse chifukwa cha zimenezo. Kuomba m'manja kwa bwalo lanu lomwelo, kapena woimba bangwe wa m'mudzi amene mwamupempha, zimakwanira ndipo zimamveka kwathu.

Tulutsani mwa MP3, mono, pa 64 kbps. Pamenepo nkhani ya mphindi khumi siifika 5 MB, ndipo mawu a munthu amamveka bwinobwino. Nkhani imodzi, fayilo imodzi. Usiku wonse m'fayilo imodzi palibe adzautsitse.

Gawo lomaliza: kutumiza

Yambani ndi kumene nkhani zinachokera. Wokamba aliyense alandire yake, ndipo amfumu alandire memori kadi yokhala ndi zonse zololedwa. Timawailesi tolowa kadi tili ponseponse, kumunda, pa kabaza, pogulitsira tomato, ndipo anthu amapatsirana pa Bluetooth osawononga ndalama. Ambiri mwa omvera anu ali pamenepa, ndipo palibe tsamba la pa intaneti lidzawawerenge.

Kenako WhatsApp. Tsegulani gulu limene otumiza ndi oyang'anira okha, apo ayi pakatha sabata lidzadzaza ndi malonda ndi mauthenga a "tumizani kwa anthu khumi". Tumizani nkhani imodzi pa sabata, tsiku lomwelo. Usiku umodzi wa okamba asanu ukupatsani zotumiza za mwezi wathunthu, mpaka mwezi udzawalenso.

Kaonaneninso ndi wailesi ya m'dera lanu. Mawailesi a m'madera, kuphatikiza amene ali pansi pa Instituto de Comunicação Social, amaulutsa m'zilankhulo zathu, ndipo Rádio Moçambique ya ku Tete nayo ili ndi mapulogalamu a Chinyanja. Pitani ndi nkhani ziwiri zokonzakonza, osati malonjezo. Koma ngati wokamba sanauzidwe za wailesi, bwererani mukamufunse, chifukwa kumveka pafoni ya mdzukulu nkosiyana ndi kumveka boma lonse nthawi imodzi.

Podcast yeniyeni ndi ya abale amene ali ku Maputo, ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi kwina. Spotify for Creators imasunga mapulogalamu kwaulere: mumatsegula akaunti ndi imelo, mumaika dzina, chithunzi cha mbali zinayi zofanana ndi mawu ofotokozera, kenako mumakweza fayilo. Imakupatsaninso adiresi ya RSS, imene mungaipereke ku Apple Podcasts ndi kwina kuti nkhani yatsopano izifika yokha. YouTube imafuna chithunzi, ndiye ikani cha nyali, cha mphasa kapena cha phiri la Domué, osati nkhope ya wokamba pokhapokha atalola zimenezo padera. Polemba mutu kumbukirani kuti chilankhulo chathu chimalembedwa pawiri: m'mabuku a kuno ndi Cinyanja, kutsidya ndi Chichewa. Lembani onse awiri, muwonjezere mzere umodzi wa Chipwitikizi, kuti wofufuza kuchokera mbali iliyonse ya malire akupezeni. Kukweza mafayilo chitani pamene netiweki ili yamphamvu, kaya ndi Movitel kaya Vodacom. Ife timadikira tsiku lopita ku vila.

Ndalama musalonjeze aliyense, chifukwa sizibwera. Zimene zimabwera ndi tochepa tochokera kwa abale akutali, pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo timathera pa ma megas, thobwa ndi kulipira njinga yonyamula agogo. Lembani m'kope chilichonse cholowa ndi chotuluka, muziwerenga pamaso pa anthu pa usiku wotsatira, poti kandalama kosaoneka bwino kamapasula gulu msanga kuposa mvula. Bungwe kapena wofufuza wa ku yunivesite akadzapempha mafayilo anu, yankho si lanu. Mutengeni mupite naye kwa eni nkhani, akapemphe yekha.

Mabenchi obwereka kutchalitchi abwezeni Lamlungu m'mamawa mapemphero asanayambe, ndipo mupukute phulusa. Ife tinachedwa nawo kamodzi, akulu a mpingo anatimana miyezi iwiri, ndipo usiku wa Seputembala chaka chimenecho anthu anakhala pa matumba a feteleza.